MTIMA WANDIUZA

Pali mau awiri amene timawamva tsiku ndi tsiku kuno ku Lundazi, m'Cinyanja ngakhale m'Citumbuka, ndipo akanenedwa palibe munthu amawatsutsa. Mauwo ndi akuti, "Mtima wandiuza." Mai amene wakaniza mwana wace kukwera basi ya ku Chipata, mukamfunsa cifukwa, angoti mtima wandiuza. Mlimi amene wabzala ndi mvula yoyamba pamene anzace akali kudikira ayankha comweco. Mnyamata wofunsira mbeta, munthu wogula ng'ombe, nduna yoweruza mlandu wa malire a munda, onsewa amafika pena pamene zifukwa zimawathera, natsamira pa mau awiri omwewa.

Ine ndinaphunzira pa sukulu ya mishoni, ndipo kumeneko anatiphunzitsa kuti mtima wa munthu ndi wonyenga, wosayenera kuukhulupirira. Pobwerera kumudzi pa chuthi akulu anali kutiuza zina, kuti munthu wosamvera mtima wace amagwa m'mbuna ali maso. Ndinakula nditasenza ziphunzitso ziwirizi osadziwa cotula ndi citi. Inu amene mwatsiriza sukulu mudzakomana nalo funso limeneli msanga kuposa m'mene muganizira. Kusukulu funso liri lonse linali ndi yankho lace kumapeto kwa buku kapena m'mutu mwa mphunzitsi. Kunja kuno mudzasankha nchito, mudzasankha mkazi kapena mwamuna, mudzasankha munthu womsungitsa ndalama zanu, ndipo kawirikawiri nthawi idzakhala yocepa, umboni wosakwanira. Pamenepo mtima udzalankhula. Kodi muumvere liti, ndipo muukanire liti?

Sindiri kunena za cikumbumtima, cimene cimatitsutsa tikacimwa, kapena za malodza ndi maloto. Ndiri kunena za kudziwa kuja kumene kumafika mwadzidzidzi, kosadzera m'njira ya kuganiza, kotero kuti munthu adziwa koma sangathe kufotokoza m'mene wadziwira.

Yankho limene ndiri nalo ndinayamba kulitola pambali pa moto, kwa atsibweni anga, amene amaimba mbalule m'mudzi mwathu m'dziko la Mfumu Mwase. Gule asanayambe iwo amatenga ng'oma naiyandikiza ku moto wa maudzu, naitembenuza pang'onopang'ono akumaigogoda ndi cala. Aiwamba, agogoda, apendeketsa mutu, aiwambanso. Nthawi zina amatapako phula la pakati pa cikopa, nthawi zina amaonjeza kakang'ono ngati njere ya nyemba. Kenaka amangoti, "Yakwana," naimirira. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Atsibweni, mumadziwa bwanji kuti yakwana?" Anandiyang'ana monga ndawafunsa njira ya kumunda kwao, nati, "Iwe mphwanga, ng'oma imanena yokha. Khutu likamva, mtima uvomera."

Akatswiri a sayansi angathe kufotokoza zimene atsibweni amacita. Liu liri lonse ndi kunjenjemera. Dzanja likamenya cikopa, cikopaco cimalowa ndi kutuluka msangamsanga nicikankha mpweya, mpweyawo ukankha unzace monga mafunde a pa dziwe mutaponyamo mwala, kufikira ulowa m'khutu nugwedeza kacikopa kena kamene kali m'katimo. Tonsefe tiri ndi ting'oma tiwiri m'mutu. Kuseri kwa kacikopako kuli timafupa titatu timene timapititsa kugwedezekako ku kanthu kopindika ngati cigoba ca nkhono, kodzala ndi madzi, ndipo m'menemo muli timaubweya zikwizikwi timene timatumiza uthenga ku ubongo. Cinthu cikanjenjemera kambiri pa sekondi imodzi liu limakwera. Cikanjenjemera mocedwa limatsika. Khutu la mwana limamva kuyambira kunjenjemera 20 pa sekondi kufikira 20,000, ndipo tikamakalamba mau apamwambawo amayamba kutithawa. Liu limene oimba magitala ndi malimba amalinganizira zoimbira zao limanjenjemera ka 440 pa sekondi. Mukawirikiza nambalayo kukhala 880, khutu limamva liu lomwelo koma lapamwamba; n'cifukwa cace amuna ndi akazi angathe kuimba nyimbo imodzi, ena pansi ena pamwamba, osasemphana.

Tsono moto umaumitsa cikopa ndi kucikunga, ndipo cikopa cokungika cimanjenjemera msanga, liu likwera. Phula limalemeretsa pakati pa cikopa, ndipo colemera cimayenda mocedwa, liu litsika nilikula. Atsibweni amasewera pakati pa ziwirizi, moto ndi phula. Za 440 sanamvepo, koma ine amene ndidziwa nambalayo mutandipatsa ng'oma ndingaipsereze cabe.

Ndiponso kulinganiza liu ndi kanthu kakang'ono poyerekeza ndi kuimba kwenikweni. Mmishonale wina, A. M. Jones, amene anakhala zaka zambiri pa St Mark's College ku Mapanza, anayesa kulemba pa pepala zimene ng'oma za Afrika zimacita, nasindikiza buku lace lalikulu m'caka ca 1959. Iye anaonetsa kuti ng'oma zathu siziyendera phazi limodzi monga asilikali pa perete. Pamene ina igunda kawiri, inzace igunda katatu m'nthawi yomweyo. Zipingasana, zisiyana, nizikomananso. Amene anacezerapo pa vimbuza kwa abale athu Atumbuka adziwa m'mene kupingasanaku kumazunguzira mutu, kufikira munthu sadziwanso kuti phazi alitsate kuti. Cimene Jones anacilemba pa masamba mazana, mnyamata wa zaka 12 amacicita akuseka ndi mnzace.

Kodi nzeru imeneyi inalowa bwanji? Kambali kena timabadwa nako. M'caka ca 2009 István Winkler wa ku Hungary ndi Henkjan Honing wa ku Holland, pamodzi ndi anzao, anaika timawaya pa mitu ya makanda a masiku awiri kapena atatu ali m'tulo, nawamvetsa kugunda kwa ng'oma kobwerezabwereza. Pamene anadumpha dala kugunda kwakukulu, kumene phazi la wovina likadagwera, ubongo wa makandawo unadzidzimuka. Khanda losadziwa ngakhale nkhope ya atate wace liri kale ndi ciyembekezo ca kugunda kotsatira. Koma mbali yaikulu ndi yophunzira, ndipo maphunziro ace ndi aukali. Atsibweni anayamba ndi zitini kuseri kwa nkhokwe. Atakulako anawalola kugwira ng'oma yaing'ono ya maimbidwe amodzi osasintha. Pa bwalo munthu ukaphonya sipafunika mphunzitsi wa coko: akazi amaleka kuomba m'manja, wovina aima nagwira m'ciuno, ndipo mkulu amakulanda ng'oma pamaso pa atsikana onse. Cilango cimafika nthawi yomweyo, ndipo palibe pobisala. Zaka zoposa 40 za kudzudzulidwa kotere ndizo zimene atsibweni amazichula mtima. Ndi cikumbukiro cimene catsika kucoka m'mutu nicikhala m'manja ndi m'makutu.

Zotere sizicitika pa ng'oma pokha. Ku America kuli munthu wina dzina lace Gary Klein, amene anatha zaka zambiri akufunsa anthu ozima moto m'mizinda m'mene amasankhira zocita pa ngozi. M'buku lace la 1998 anasimba za kapitao wina amene analowa ndi anyamata ace m'nyumba yoyaka. Iwo anayesa kuti moto uli ku khichini, nathira madzi, koma moto sunamvere. Anathiranso, osaphula kanthu. Mwadzidzidzi kapitaoyo analamula kuti onse atuluke, iye mwini osadziwa cifukwa. Atangotuluka, pansi pamene anali ataima panagumuka, pakuti moto weniweni unali m'cipinda ca kunsi kwa nyumba, pansi pa mapazi ao. Munthuyo anakhulupirira kuti ali ndi mphamvu yacilendo yodziwiratu zinthu. Koma Klein atamfunsitsa, zinaoneka kuti m'nyumbamo munali motentha kopambana m'mene moto wa ku khichini ungatenthere, ndiponso munali cete, pamene moto waukali cotero umakhala waphokoso. Khungu ndi makutu zinazindikira kuti moto uwu wasemphana ndi moto wina wonse umene iye anauzimapo, monga atsibweni amamvera ng'oma yophonya, mutu usanapeze mau.

Klein anali kukhulupirira mtima wa akatswiri. Munthu wina wophunzira, Daniel Kahneman, amene analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 2002, anatha moyo wace akuonetsa m'mene mtima umasokeretsera anthu, ngakhale anzeru. Mmodzi anali ngati akulu a kumudzi kwathu, mnzace ngati aphunzitsi a ku mishoni. Awiriwa anakambirana zaka zingapo, ndipo m'caka ca 2009 analemba pamodzi kuti alephera kusiyana maganizo. Anagwirizana kuti mtima umakhulupirika pakakhala zinthu ziwiri: nchitoyo ikhale ndi dongosolo lobwerezabwereza, monga ng'oma ndi moto ziri nalo, ndipo munthuyo akhale atakhalitsa pa nchitoyo akumauzidwa msanga ndi momveka pamene walakwa. Anaonjeza cinthu cina cimene ine ndimaciopa: kulimba kwa cikhulupiriro ca munthu sikusonyeza kuti ali ndi zoona. Mtima wophunzira ndi mtima wosaphunzira imalankhula ndi liu limodzi, mokweza cimodzimodzi.

Ici ndinaciona ndekha. Ndine kalaliki wa Boma, ndipo nchito yanga yambiri ndi manambala. Popeza ndakhalitsa pa mpando womwewo, ndikangoyang'ana tsamba la ndalama diso limakodwa pa mzere wina ndisanawerengetse, ndipo powerengetsa ndimapeza kuti wina analemba 69 m'malo mwa 96, kapena anataya ziro. Apa mtima wanga sunama kawirikawiri, ndipo cifukwa cace n'coonekeratu. Mwezi uli wonse mabuku ayenera kulingana, ndipo akapanda kulingana dzuwa limandilowera m'ofesi ndiri kufuna colakwa. Manambala andilanda ng'oma kambirimbiri.

Koma cifukwa ca kukhoza pa manambala ndinayamba kudziyesa wodziwa anthu. Caka cina tinali kulemba maina a okalamba ndi osunga ana amasiye oyenera kulandira cithandizo. Kunabwera amai ena okalamba ocokera kumidzi ya ku cigwa. Anakhala pansi pafupi ndi citseko ngakhale mpando unalipo. Nditawafunsa caka cao cobadwa anachula cosiyana ndi ca pa citupa. Nditawafunsa za ana amene amasunga anati anai, kenaka anati asanu. Nthawi yonseyi maso ao anali pansi, mau ali kunjenjemera. Mtima wanga unati, "Awa ali kunama," ndipo unanena momveka monga umanenera pa tsamba la ndalama.

Ndinati, "Amai, pitani mukabwere ndi kalata ya amfumu."

Iwo anati, "Abwana, kwathu n'kutali, ndayenda masiku awiri."

Ndinayankha kuti lamulo ndi lamulo, cinkana ndinadziwa kuti ena ndinawalemba popanda kalata yotero. Anaomba m'manja mwaulemu, natuluka. Tsiku lomwelo kunabwera bambo wina wovala jekete, amene anandipatsa moni m'Cizungu, nandiyang'ana m'maso, nachula maina a ana amasiye asanu ndi mmodzi ndi zaka zao osadodoma. Mtima unati, "Uyu ndi munthu woongoka." Ndinamlemba.

Patapita miyezi 7 nduna ina ya ku cigwako inabwera pa nkhani yina, ndipo poceza inachula amai aja. Ana anai anali a mwana wao wamkazi amene anamwalira. Wacisanu anali wa mnansi, wogona kwao masiku ena, ndipo iwo sanadziwe ngati ayenera kumwerenga; kudodoma kwao kunali kuopa kunama. Caka ca pa citupa cinalembedwa kalekale mongoyerekeza, monga zinacitikira kwa okalamba ambiri amene anabadwa popanda wolemba tsiku. Nanga kuyang'ana pansi? Ine mwana wa m'mudzi ndinaiwala bwanji kuti kwathu kuno munthu waulemu sayang'anitsa wamkulu m'maso? Dzinja limenelo nyumba ija inapyola ndi mango aawisi ophika. Za bambo wa jekete zinamveka pambuyo pace: mwa ana aja analipo awiri okha, ndipo atate ao anali moyo. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Cimene cimandiopsa pa nkhaniyi ndi cakuti kulakwa kwanga ndinakudziwa mwangozi. Nduna ija ikadapanda kubwera, ndikadakhala mpaka lero ndiri kudzitama kuti ndinagwira wabodza. Woimba ng'oma akaphonya, bwalo lonse limamuuza. Kalaliki akaphonya, wolakwiridwayo amaomba m'manja napita kwao, ndipo kalalikiyo amaonjeza kudzikhulupirira. Sindiri ndekha pa cilema cimeneci. M'caka ca 2006 Charles Bond ndi Bella DePaulo anasonkhanitsa mayeso oposa 200, m'mene anthu oposa 24,000 anauzidwa kusiyanitsa wonena zoona ndi wonama. Anakhoza 54 mwa 100 iri yonse. Munthu wongocita maere akadakhoza 50.

Tsono ngati mtima wosaphunzira ulankhula mokweza monga wophunzira, kukoma kuja kwa kumva kuti wadziwa kumacokera kuti? Apa nyimbo itithandizanso. M'caka ca 2011 Valorie Salimpoor ndi Robert Zatorre a ku Montreal anaunika ubongo wa anthu amene anali kumvera nyimbo zowacititsa tsembwe. Anapeza kuti ubongo umatulutsa timadzi tochedwa dopamine, tomwe timatulukanso munthu akalandira cakudya cokoma, ndipo timatuluka pawiri: poyamba pamene munthu ali kuyembekeza cigawo cokomaco, kenaka pamene cafika. Nyimbo iri ngati lonjezo limene likwaniritsidwa pomwepo. Wotsogolera akaponya mau, mtima wanu umadziwiratu m'mene gulu livomerere, ndipo likavomera momwemo thupi lonse limati, "Eya, n'comweco!" Ine ndiganiza kuti "n'comweco" ameneyu ndi "n'zoona" ndi ana a mimba imodzi, ofanana nkhope kotero kuti m'mdima timawasokoneza. M'caka ca 1977 Lynn Hasher ndi anzace anaonetsa kuti mau amene munthu wawamva kawiri kapena katatu amayamba kuoneka oona kuposa mau acilendo, ngakhale ali abodza. Bambo wa jekete uja anandiimbira nyimbo imene ndinaizolowera kusukulu, ya Cizungu ndi mayankho osadodoma, ndipo ine ndinavomera.

Ife a ku Lundazi sitifunika kupita ku Montreal kuti tidziwe mphamvu ya nyimbo pa mitima ya anthu. M'caka ca 1953 mai wina wa ku Chinsali, Alice Lenshina, anadwala kwambiri, nanena kuti anafa nabwezedwa ndi uthenga ndi nyimbo. Mpingo wace wa Lumpa unafalikira msanga, ndipo boma lathu lino linali limodzi la malo kumene unazika mizu kwambiri. Anthu anayenda pansi masiku ambiri kupyola cigwa ca Luangwa kukataya nyanga ndi zithumwa zao ndi kukabatizidwa. Agogo anga akazi, amene pa nthawiyo anali namwali, anapita nao ulendo umodzi. Anandiuza kuti ulaliki sanaumvetse bwino popeza unali m'Cibemba, koma nyimbo zinawagwira. Nyimbo zambiri za ku mishoni zinali zobwereka, mau athu atavekedwa maimbidwe a ku Ulaya monga malaya a mwini. Za Lenshina zinali zazifupi, zobwerezabwereza, zoyenda monga nyimbo za kwathu. "Amuna anga," anatero, monga agogo amaitanira mdzukulu, "anthu mazanamazana akavomera pamodzi sufunsanso kanthu. Umangodziwa kuti wafika."

Sindinena kuti nyimbozo zinali zoipa kapena kuti anthuwo anali opusa. Ambiri anasiya mowa, naleka kuopa mfiti, napeza mtendere umene sanaupeze kwina. Mkangano umene unadza pambuyo unali ndi mizu yambiri: makadi a cipani, ulamuliro wa mafumu, minda, nyumba ndi machalichi otenthedwa. Koma taonani m'mene zinakhalira. A Lumpa anasamukira m'midzi yao ya malinga. A cipani ca UNIP anali nazo nyimbo zao ndi mfuu zao, zobwerezedwa pa msonkhano uli wonse. Mbali iri yonse inali kumva mau ace okha usana ndi usiku, ndipo pa mabwalo awiriwo panalibe munthu wolimba mtima woti aleke kuomba m'manja. Nkhondo inabuka ku Chinsali mu July 1964. M'bandakuca wa pa 3 August a Lumpa anagwera boma la Lundazi ndi midzi yoyandikana nalo, napha anthu pafupifupi 150. Asilikali a Boma anabwezera ndi mfuti, ndipo patangopita masiku owerengeka anthu a m'midzi anagwera mudzi wa a Lumpa wa Paishuko, napha oposa 40, akazi ndi ana omwe. Mwa ciwerengero ca Boma anthu oposa 700 anafa pa nkhondo yonseyo, dziko litatsala pang'ono kulandira ufulu pa 24 October.

Agogo, amene anali atacoka mu mpingowo pokwatiwa, anabisala m'chire masiku atatu ndi mwana kumsana. Anali kudziwa anthu a mbali zonse ziwiri. Ena anasinja nao pa mtondo umodzi, ena anaimba nao pa ulendo uja. Cimene sanaciiwale mpaka imfa yao ndi cakuti mwa onsewo sanaone ngakhale mmodzi wokayika.

Wina adzati, "Ngati ziri conco, tiutseke pakamwa mtima, tizingowerengetsa zonse." Ai, si comweco. Woimba ng'oma akayamba kuwerenga kawiri ndi katatu manja amauma, gule nafa. Kapitao uja akadaima kuti alembe zifukwa akadapsa ndi anyamata ace. Namwino wakale akati mwana uyu sandikondweretsa, ngakhale thupi lisanatenthe, ayenera kumveredwa, ndiponso mlimi amene walima dambo limodzi zaka 30 akati pano madzi adzaima. Kukana nzeru zotere cifukwa eni ace sangazifotokoze m'Cizungu ndi kudzikuza kwa ife ophunzira pang'ono. Cofunika ndi kuufunsa mtima monga nduna ifunsa mboni pa mlandu: Kodi unaliko? Zotere waziona kangati? Nanga pamene unalakwa, anakuuza ndani? Mtima wanga ukanena za manambala uli nao mayankho a mafunso onsewa. Pa tsiku la amai aja unalibe ngakhale limodzi, koma ine sindinaufunse. Ndipo ukalankhula pakati pa khamu loimba, ngakhale nyimboyo ikhale yoyera motani, mboni yotere ndi yofunika kuifunsanso m'mawa, muli nokha kumunda.

Kucokera caka cija ndimasunga kabuku m'kabati ya tebulo langa. Mtima ukandiuza kanthu za munthu ndimalemba tsiku ndi zimene wanena, koma ndimacita monga mapepala ndi mboni zinenera. Pambuyo pace ndimafunsa kwa anduna ndi aphunzitsi a kumidzi m'mene zinathera. Ndiyo njira yanga yodzipangira bwalo. Ndi njira yocedwa, ndipo za anthu ambiri sindimva mathero ace, koma masamba amene adzala andicepetsa kale. Amai aja analembedwa caka cotsatira. Ndinapempha nduna ija kuti ikandipepesere kwa iwo, ndipo yankho limene linabwera linali lakuti saona cimene abwana analakwa, popeza lamulo ndi lamulo.

Pa Khrisimasi yapitayi ndinali kumudzi, ndipo madzulo kunali cimtali. Atsibweni anandipatsa ng'oma yaing'ono ija ya maimbidwe amodzi, imene amapatsa ana. Ndinaipana ndi maondo, ndinayamba, ndipo posacedwa ndinamva kukoma kuja: thupi lonse linavomera kuti ndalowa m'gule, ndiri kuyenda pamodzi ndi mbalule. Ndinatsinzina. Pamene ndinapenya, akazi anali ataleka kuomba m'manja, mlongo wanga atagwira m'ciuno, ndipo kamnyamata ka zaka 10 kanali kataima patsogolo panga, manja ali tambalala. Atsibweni anati, "Mpatse mwanayo, mphwanga. Unatisiya kalekale."